Chiwongolero cha Amayi Chasiya Kunjenjemera

Anzanga inu, zatha! Chiwongolero cha minibasi ya amayi chasiya kunjenjemera, ndipo a Mbedza apezeka m'mawa uno ali khale pabwalo pathu, tochi ili m'manja, maso ali tong'o! Dikirani ndipume kaye ndikuuzeni bwinobwino, makamaka inu amene munatithawa. Ndikukudziwani.

Paja bambo atamwalira, amayi ndi amene anatenga kiyi n'kuyamba kutipititsa kusukulu. Zinkayenda bwino. Kenaka kunabwera kunjenjemera kuja. Tikangofika pamsewu wowongoka wa kumanda, chiwongolero chinkayamba, gwedegwede! Mawindo kulira, mabotolo a madzi kuvina, wina kumbuyo kuyamba pemphero. Tikadutsa mandawo, zii.

Amayi sanakhale pansi. Anapita kwa wamatayala. Iye anayesa manati, anali omangika. Rimu, chitsulo chija chimavala tayala, sinapindike. Tayala linalibe chotupa. Anagwedeza gudumu kuti amve ngati beyaring'i, yomwe gudumu limazungulirapo, yatha, ayi ndithu. Chomwe chinasowa ndi timitovu, tija amatikhomera m'mphepete mwa rimu kuti tayala lisalemere mbali imodzi. Anakhoma tina. Masiku pang'ono, tasowanso. Anakhomanso, tasowanso.

Ine ndinafunsa, "Nanga bwanji pamanda pokhapokha?"

"Ndi pokhapo pamene msewu umalola kuthamanga," anatero amayi. "Tayala lolemera mbali imodzi silivina ukamayenda ngati nkhono."

Koma anthu akanamva zimenezo? A Mbedza, aneba athu aja amangokhalira kuwedza kumtsinje, ndiwo ankayenda nayo nkhani khomo ndi khomo. "Malemu mwini wake akukana. Chiwongolero cha mwamuna, mkazi n'kuchigwira? Akulanda ameneyo!" Makolo anu anamva, n'kuyamba kukutsitsani mmodzimmodzi. Dzulo tinatsala ine ndi mapasa basi, ndipo mayi awo anali atanena kale kuti chikagwederanso kamodzi, nawonso atsika. Minibasi yopanda ana ikanangoima pabwalo kudikira dzimbiri.

Amayi anabwera madzulo atakhometsanso timitovu tatsopano. Anaponya kiyi patebulo. "Bambo ako ali moyo sanandilandepo ngakhale supuni. Ayambe lero?"

Mdima utangogwira, magetsi anathima. Amayi anagona msanga chifukwa cha mutu. Ine ndinali pawindo ndi kandulo, ndikulimbana ndi masamu. Galu wa kuseri, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, anali chete.

Ndinamva kwe, kwe. Chitsulo chikukanda chitsulo chinzake.

Ndinazimitsa kandulo n'kusuzumira. Munthu anali atanjuta patayala lakutsogolo, kampeni kali m'manja, tochi ili kukamwa. Chipewa chija ndinachizindikira. A Mbedza! Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe.

Minibasi inayamba kukwera.

Pang'onopang'ono, mbali yakutsogolo ija. Jeke akulira kwii, kwii. Manja a a Mbedza onse awiri ndinkawaona, anali m'mwamba. Sanali iwo. Ndipo jeke wathu amakhala m'bokosi la bambo, kunsi kwa bedi la amayi, lokhoma ndi loko.

Tayala linazungulira lokha. Fuu, n'kuima. Linazunguliranso. Ndi mmene bambo ankachitira: ankalizunguza, mbali yolemera n'kukaima pansi, iwo n'kulemba ndi choko, mtovu n'kukhoma mbali inayo. Kenaka ndinamva kamluzu ka m'mano, kopanda nyimbo, kaja ankaimba ntchito ikamawakomera.

"Unikira pano. Osati kumaso kwanga."

Anzanga, mawu amenewo ndinakula nawo, ine ndi amene ndinkawagwirira tochi bambo! Dzanja langa linadzuka lokha. Koma sankauza ine. Tochi ya a Mbedza inachoka kukamwa n'kutsika parimu, kuwala kwake kukunjenjemera kuposa chiwongolero chathu.

Sindinabisale. Ndibisale chiyani pakhomo pathu? Ndinangofufuza khoma mpaka kuchipinda.

"Amayi, kunjaku kuli..."

Anali chagada, maso ali otseka. "Ndikumva. Asiye amalize."

Tinakhala tonse pabedi, tikumvera kanyundo. Ngo, ngo. Kamluzu. Ngo. Tulo tinandiba osadziwa.

Kutacha, msewu wathu wonse unali pabwalo pathu. A Mbedza anali pomwepo, mame ali thoo paphewa, tochi itatha moto koma atailozabe parimu. Pambali pawo panali kathumba kodzaza timitovu. Kani ankatimangirira pachingwe kuti mbedza izimira! Ndiye kuti nsomba zonse zija ankadya, zinkagwidwa ndi timitovu ta matayala athu! Parimu, timitovu tinali titakhomedwa bwinobwino, ndipo patayala panali mizere ya choko. Ndinathamangira kuchipinda. Bokosi linali lokhomabe. Amayi atalitsegula, jeke anali momwemo, kunsi kwake kuli matope aawisi.

Anthu anayamba kunong'onezana. Ena akuti wamatayala anabwera mobisa, koma iye akuseka, akuti angakonze tayala mumdima ngati kadzidzi? Ena akungoloza kumanda ndi milomo. A Mbedza atafunsidwa, mawu awo ndi amodzi: "Anati ndiunikire."

Amayi anatuluka atavala, kiyi ili m'manja. "Mwamaliza kuunikako, aneba? Sunthani, ana achedwa."

Tinanyamuka ine, mapasa, ndi mayi awo amene anati akadzionere okha. Titafika pamsewu wa kumanda, amayi anaponda mafuta. Ine maso ali pachiwongolero. Botolo la madzi linali pampando, silinagwedere n'komwe! Amayi anasiya dzanja limodzi lokha pachiwongolero, n'kuliza hutala, pii pii, ngati mmene ankachitira bambo akamalowa pageti. Mayi a mapasa anayamba kuseka, kenaka kulira, kenaka kusekanso.

Amene akufuna kunena kuti ndi mzukwa anene. Ine ndikuti ngati ndi bambo, sanabwere kudzalanda chiwongolero. Anabwera kudzakonza, wakuba n'kumugwiritsa tochi!

Choko chija amayi akana kuti tichitsuke. Mawa m'mawa mubwere mudzachione ndi maso anu, mudzakwerenso. Koma mpando wakutsogolo musaulote. Ndi wathu, ine ndi mapasa, amene sitinathawe.