Zilembo za Pachitseko cha Pikapu

Sipanala anali atangovula nsapato za kusukulu pamene mlongo wake wamng'ono analowa m'chipinda osagogoda. Mwanayu ankamutcha Wayilesi, chifukwa chilichonse chimene makutu ake atola, pakamwa pake pankaulutsa nthawi yomweyo.

"Achimwene, mwamva? Ankolo akuti Loweruka apukuta pikapu yonse ndi polishi. Agula chitini chachikulu chonchi! Akuti makamaka chitseko chija."

"Chitseko chiti?"

"Cha zilembo. Auza amayi kuti dzuwa lachidya, ndiye achikonza."

Sipanala anatuluka ndi sokosi zokha kumapazi n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, kumene pikapuyo inaima pakati pa chingwe choyanikira zovala ndi mpanda. Inali ya malemu bambo ake, omwe anamupatsa dzina loti Sipanala chifukwa ali wamng'ono ndiye ankawapatsira zitsulo akalowa pansi pa galimoto. Kale pikapuyo inali yofiira psuu, koma tsopano inali itatuwa ngati njerwa yakale. Pachitseko cha dalaivala bambo ake anamatapo zilembo zoyera, TIFIKA, mawu amene ankanena nthawi zonse injini ikazima pachitunda. Iwo atamwalira, zilembozo zinafota n'kumagwa chimodzichimodzi. Koma penti wa pansi pake anali asanaonepo dzuwa, choncho mawuwo anatsalabe, ofiira kwambiri pakati pa kutuwa konseko. M'mawa uliwonse Sipanala ankadutsa pamenepo n'kuwasisita ndi zala, wina asakuona.

Amene Wayilesi ankawatchula kuti ankolo anali a Mipope, okonza mipope ya madzi, omwe anakwatira amayi awo chaka chatha. Sanali munthu woipa, ndipo n'zimene zinkamusowetsa mtendere Sipanala, pakuti analibe chowanenera. Anakonza mpope wodontha wa kukhitchini, anasintha loko wa pakhomo, anasuntha mpando wa bambo kuuchotsa pawindo. Zonse zinali zabwino, koma chilichonse chimene anakhudza chinkasiya kufanana ndi kale. Pikapuyo sinkayenda masiku amenewo, inkadikira chitsulo china cha mu injini, moti a Mipope ankapita kuntchito panjinga, mapaipi atawamangirira kumbuyo.

Pa chakudya chamadzulo Sipanala anakonza funso m'mutu mwake kangapo, koma likafika pakhosi linkabwerera.

"Bwana Sipanala," anatero a Mipope akusamba m'manja, "Loweruka ndifuna manja anu kuseriko."

"Ndamva, ankolo."

M'mawa mwake m'kalasi aphunzitsi anamufunsa funso kawiri iye osamva. Abise chitinicho? Akagula china. Awauze amayi? Amayi angoti, "Iwenso, ankolo ako akukonza galimoto ndiye chavuta n'chiyani?" Belu lowerukira likulira, nzeru inamufikira.

Amayi ake anali telala, ndipo m'chipinda chosokeramo munali tepi yaikulu yakhaki yomatira makatoni a mayunifolomu. Anaitenga makina akulira, amayi ataweramira nsalu. Kuseri kuja anamata chilembo chilichonse pachokha, akukanikiza ndi chala chachikulu kuti pasatsale mpata, kenako anadutsitsa ina yaitali pamwamba pa zonse. Polishi sakanalowa pamenepo. Komanso a Mipope akadzaiona tepiyo adzamva okha zimene pakamwa pake pankalephera kunena. Chitsekocho chinayang'ana kumpanda, kosadutsa anthu, koma n'kumenenso dzuwa lamasana linkathera ukali wake wonse.

Lachisanu pochokera kusukulu anapita kukasuzumira. Tepi ija inali itachita makwinya. M'mbali mwake munkatuluka guluu wonanda, fumbi litakakamirapo bii. Anakhudza chitseko n'kubweza dzanja msanga, chitsulo chinkaotcha. Bwanji ngati guluuyo akudya penti mkatimo? Anayenda kufika pachingwe cha zovala, nabwerera. Anayendanso, nabwereranso. Kenako anatokosa ngodya ya tepi ya pachilembo choyamba ndi chikhadabo. Inakana. Anaigwira bwino, naluma mano, n'kukoka ndi mphamvu.

Kwee!

Tepiyo inatuluka ndi khungu lofiira kumimba kwake. Pamene panali T panatsala chilonda chotuwa ngati phulusa. Sipanala anaibwezera msanga pamalo pake, akuikanikiza ndi chikhatho ngati kuti pentiyo abwerera, koma atachotsa dzanja tizidutswa tofiira tinangoyoyokera pansi.

"Hii! Achimwene mwasenda galimoto!" Wayilesi anali ataima pakona pa nyumba, manja ali kumutu. "Amayi! Amayiii!"

"Takhala chete iwe!"

Koma mwanayo anali atathamanga kale. Sipanala anayang'ana tepi yotsalayo. Mutu wake unkangomuuza chinthu chimodzi, chotsa zonse msanga zisanaonongeke. Anagwira ngodya ina. Kumbuyo kwake njinga inagwa pansi, mapaipi n'kulira ngwengwengwe.

"Siya! Usakoke!"

Aka kanali koyamba kumva a Mipope akukweza mawu. Sipanala anatembenuka n'kutsamira chitsekocho ndi msana, ngakhale chinkamuotcha kudzera m'malaya.

"Tasuntha ndione, mwanawe."

"Ayi."

"Wamata tepiyi ndiwe?"

"Inu mumafuna kuzifufuta!" Mawuwo anatuluka okha, okwera ndi osweka, moti naye anadabwa. "Mwasintha loko, mwasuntha mpando, tsopano mukufuna kupala mawu a bambo anga ndi polishi wanuyo!"

Amayi anali atafika, tepi yoyezera ili m'khosi, Wayilesi atabisala kumbuyo kwawo. Anatsegula pakamwa kuti amukalipire, koma a Mipope anakweza dzanja. Kenako bamboyo analowa m'nyumba. Sipanala anadikira. A Mipope atatuluka anali ndi chitini chija, nachitsegula pamaso pake.

"Pisa chala. Tikita. Ukumva mchenga?"

Sipanala anatikita zala. Zinali zosalala, zofewa ngati mafuta odzola.

"Alipo polishi wopala," anatero a Mipope. "Amakhala ndi timchenga tosaoneka, amasenda penti wakufa kuti mtundu ufanane paliponse. Wam'sitolo anandikakamiza ameneyo, ine ndinakana, chifukwa akanapita nazo zilembozi. Ili ndi phula. Silichotsa kanthu, limangokhala pamwamba kuti dzuwa ndi mvula zizilimbana nalo, penti apume. Ndinawauza amayi ako kuti dzuwa layamba kuzidya zilembo, tizitchinjirize. Wayilesi yakoyi inagwira theka la nkhani."

"Ine ndinanena zimene ndinamva!" anatero Wayilesi ali kuseri kwa siketi.

Sipanala anayang'ana tepi inali m'manja mwake, yofiira mbali imodzi.

"Bwanji simunandiuze?"

"Nanga iwe bwanji sunandifunse?" A Mipope anakanda m'mutu. "Vuto la nyumba ino n'loti osalankhula tilimo awiri, ndiye nkhani zonse zimadzera kwa kamwana aka."

Amayi anapukusa mutu. "Ndakhala ndikunena. Wina duu uku, wina duu uko, ngati ndikusunga miyala."

Panalibe amene anaseka kwenikweni, koma Sipanala anachoka pachitseko paja. A Mipope anagwada, nayang'ana chilondacho nthawi yaitali, akuimba kamluzu kapansipansi.

"Ichi chapita," anatero. "Zinazi mwina tingazipulumutse, koma osati padzuwa pano. Mayi, takwerani mugwire chiwongolero."

Anaikankha awiri pikapuyo mpaka pamthunzi wa khoma, Wayilesi akulamula ngati wapolisi wapamsewu. Sipanala ankafuna ayambe pomwepo, koma a Mipope anati adikire chitsulo chizizire. Kudikirako kunamuwawa kuposa kukankha. Anakhala pansi, naimirira, nakakhudza chitseko, nakhalanso.

"Ukaikhudzakhudza siizizira msanga," anatero a Mipope. "Pita ukafunditse madzi. Ofunda, osati owira. Ubwerenso ndi mafuta ophikira pang'ono m'kapu."

Ntchito yake inali yofuna mtima wautali. Ankanyowetsa nsalu m'madzi ofundawo n'kuigwiriza patepi, kenako n'kudonthezera mafuta m'mphepete kuti guluu afewe. Akatero ankanyamula ngodya pang'ono chabe, n'kuipinda chogonetsa, osaikokera kunja. Tepi ikalira, ankasiya n'kunyowetsanso. Kawiri konse dzanja la Sipanala linafuna kuthamanga, ndipo a Mipope ankangoti, "Ukupita kuti?" Pamene amayi ankaitana kuti chakudya chapsa, zilembo zotsalazo zinali zitatuluka, zili ndi timabala apa ndi apo, koma zowerengeka.

Loweruka anayamba dzuwa lisanakwere. A Mipope anamuletsa kukhudza galimoto ndi nsalu asanaithire madzi. "Fumbi ndi mchenga. Ukalipukuta louma ndiye kuti ukukwecha penti." Anatsuka kuyambira padenga kutsika, matayala pomalizira ndi ndowa yakeyake. Ataumitsa ndi thaulo lakale lofewa, anapaka phula mopyapyala, kachigawo kamodzi, n'kudikira kuti liyere ngati ufa asanalipukute. Atafika pachitseko cha dalaivala a Mipope anamupatsa nsalu Sipanala, iwo n'kupita mbali ina kukapukuta kumeneko.

Sipanala anapaka pang'onopang'ono, nadikira osadzuka, kenako anapukuta. Kufiira kwa zilembozo kunadzuka ngati zanyowa ndi mvula. Pafupi nazo chilonda chotuwa chija chinaonekanso kwambiri kuposa dzulo.

A Mipope anabwera ndi kabotolo ka penti ndi kaburashi kakang'ono. "Apa tiyenera kutsekapo, dzimbiri lingalowe. Ukafuna ndikhoza kujambulapo T wina. Dzanja langa si loipa kwenikweni."

Sipanala anaganiza kanthawi. "Ayi, ankolo. Sakhala yemwe uja. Ingotsekanipo."

A Mipope anagwedeza mutu, napaka pentiyo mosamala, osadutsa m'malire a chilondacho. Wayilesi anabwera akudya nthochi, naima patsogolo pa chitseko, n'kuwerenga mokweza ngati ali m'kalasi.

"I, fi, ka. Ifika! Amayi, galimoto ikuti ifika!"

"Iuze iyambe yalira kaye," anayankha amayi ali pawindo. Anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi kansalu kamene ankasoka, n'kubwerera kumakina.

Sipanala anatsanulira madzi otsala pa boneti. Madziwo sanamwazike ngati kale, anaundana timadontho tozungulira n'kugubuduzika kugwera pansi. Sipanala anatsokomola pang'ono, maso ali pandowa.

"Ankolo, phulali limatha?"

"Limatha. Ukadzaona madzi asiya kuchita timadontho timeneti, ndiye kuti dzuwa lalimaliza, tipakenso."

"Mudzandiuze."

"Ndidzakuuza," anatero a Mipope akutseka chitini. "Koma nawenso uzifunsa, bwana. Pakamwa sipachita dzimbiri ukamapagwiritsa ntchito."

Sipanala anatola nsalu zonse kuti akachape. Atafika pakona pa nyumba anaima, natembenuka.

"Nanga mpando uja munauchotseranji pawindo?"

A Mipope anamuyang'ana, kenako anakhala pa ndowa yovundikira n'kumukodola kuti abwere.