Mutu Wometedwa Mbali Imodzi

Uyu ndi Kafunso. Amamutcha choncho chifukwa mafunso samuthera. Mawa akuyamba sukulu. Akufuna apite atameta bwino.

Bambo ake ndi ometa anthu. Mumsewu wawo mulibe magetsi. Mapolo a magetsi anathera kutali. Ndiye bambo amapanga magetsi awoawo. Kuseri kwa nyumba kuli sola. Sola imatenga mphamvu ku dzuwa. Mphamvuyo imalowa m'batire. Batire limayendetsa makina ometera.

Masana, Kafunso anakhala pampando. Makina analira. Tsitsi linagwa. Makina analiranso. Tsitsi linagwanso. Kenako makina anangoti zii.

Kafunso anayang'ana pagalasi. Maso anatuluka. Mbali imodzi inali mpala. Mbali inayo inali tchire. Kafunso anachita mantha. Mawa ana onse adzamuseka.

Bambo anagwedeza makina. Zii. Anayang'ana batire. Linali litatha. Bambo anagwira pakamwa. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Nanga batire latha bwanji?

Kafunso sanalire. Anatsika pampando. Anatsatira waya wa batire. Waya unatuluka pawindo. Kafunso anatuluka pakhomo. Waya unakhota. Kafunso anakhota.

Kuseri anangoima kakasi. Sola sinkaoneka. Pamwamba pake panali bulangete lonyowa. Panali matewera. Panali timasokosi.

Azakhali anali pomwepo ndi beseni. Anabwera dzana ndi khanda lawo, kudzacheza.

"Azakhali, mwayanika pa sola?" anafunsa Kafunso.

"Kodi si thebulo loyanikira? Pamenepa zimauma msanga. Ndayanikapo dzana, dzulo ndi lero."

Kafunso anawafotokozera zonse. Sola ikaphimbidwa siona dzuwa. Ikapanda kuona dzuwa, batire limagona ndi njala.

Azakhali anayang'ana mutu wa Kafunso. Beseni linawapulumuka. Manyazi anawagwira.

Anachotsa bulangete. Anachotsa matewera. Anachotsa timasokosi. Kafunso anapukuta sola ndi kansalu. Bambo anamanga chingwe choyanikira.

Kenako anadikira. Anadikira ndithu. Kafunso anadikira atafunda thaulo kumutu.

Dzuwa litapendeka, bambo anayesanso makina. Makina analira! Tsitsi lotsala linagwa lonse.

Azakhali ndiwo anagwira galasi. Mutu wonse unali wosalala. Khanda linausisita ndi kadzanja kake, n'kuseka. Mtima wa Kafunso unakhala pansi.

"Pepa, mwana wa achimwene," anatero azakhali. "Mawa kusukulu ndikuperekeza ine. Ndipo dzuwa lanu sindidzalifundikanso bulangete."