Mizere Wasiya Kudya

Kamafunso anali mtsikana wosatopa kufunsa. Dzinalo anamupatsa ndi bambo ake. Bambowo ankasamalira nsomba za m'nyanja ya mchere. Nsombazo zinkakhala m'mathanki agalasi, anthu n'kumabwera kudzaziona.

Kamafunso anali ndi nsomba yake yapamtima. Ankaitcha Mizere. Koma Mizere anasiya kudya.

Lolemba Mizere sanadye. Lachiwiri sanadye. Lachitatu chakudya chinadutsa pamphuno pake penipeni. Mizere anangotembenuka, kukamwa kuli kotseka.

"Ababa, taonani masaya ake," anatero Kamafunso. "Atupa. Mizere ali ndi matsagwidi."

Kamafunso ankawadziwa matsagwidi. Anadwalapo chaka chatha. Anamumvera chisoni Mizere.

Bambo anakanda mutu. Nsomba zamtundu umenewu zinali zachilendo kwa iwo.

"Yodwala timaipatula, mwanangu," anatero. "Ingapatsire zinzake."

Bambo anatenga kaukonde.

"Dikirani pang'ono, ababa," anatero Kamafunso.

Anagunditsa mphuno pagalasi. Anayang'ana. Anayang'anabe.

Kenako Mizere anatsegula kukamwa pang'ono. M'kamwamo munali timipira tofiirira, tambirimbiri.

"Ababa, si matsagwidi. Ndi mazira!"

Bambo anayika kaukonde pansi. Anatsegula buku la nsomba. Anawerenga mwakachetechete.

"Ndikanamukola, akanalavula mazira onse," anatero. "Wandithandiza, mwanangu."

"Ndiye kuti Mizere ndi mayi?"

"Ayi, ndi bambo. Mayi amayikira mazira. Bambo amawasunga m'kamwa. Sadya mpaka ana atatuluka."

"Njala simupweteka?"

"Imamupweteka. Koma akadya, angameze ana ake."

Kamafunso anadikira. Sabata inatha. Ina inatha. Inanso inatha. Mizere anawonda, koma sanadye.

Tsiku lina m'mawa, Mizere anatsegula kukamwa. Kanatuluka kamwana kamodzi. Kanatulukanso kena. Tonse tinali tamizeremizere ngati bambo wawo.

Pamenepo Mizere anadya. Anadya ngati mawa kulibe.

Masana, Kamafunso ndi bambo ake anakhala pabenchi. Bambo anatulutsa buledi m'chikwama. Ananyema pakati. Chigawo chachikulu anapatsa Kamafunso, monga mwa masiku onse.

Kamafunso anayang'ana chigawo chake. Anayang'ana cha bambo ake. Anaganiza kwa kanthawi.

"Ababa, kodi inu mumakhuta?"

Bambo anaseka. "Ukakhuta iwe, ndakhutanso ine."

Kamafunso anapukusa mutu. Anasinthanitsa zigawo zija.

"Ine ndinatuluka kalekale m'kamwa, ababa," anatero. "Tsopano idyani."