Mphini za Alenje a ku Chinguluwe

Tsiku lina madzulo Yesaya anakhala pakhonde akupukuta mfuti yake ya gogodela ndi kansanza konyika m'mafuta a njinga. Mkazi wake Elsie anali pabwalo, akupeta kampunga kochepa kamene anapulumutsa kumunda. Chaka chimenecho nguluwe zinasautsa anthu ku Chinguluwe. Zinkatuluka m'bango m'bandakucha, n'kugubuduzika mumpunga wakupsa mpaka wonse kusanduka matope, moti mwini munda akafika ankangogwira pakamwa.

"Bambo a Beauty, mukulimva fungo limeneli?" anafunsa Elsie, lichero lili m'manja.

Yesaya ananunkhiza. Linali fungo la ubweya wowauka, losakanikirana ndi la matope owola. Agalu ake analowa pansi pa nkhokwe, michira ili pakati pa miyendo.

"Mwina a George akuwaula nyama."

"Kwa a George kulibe utsi."

A George anali wosula zitsulo wa m'mudzimo, bambo wamtali wa mawu ofatsa, wosajomba kumaliro a aliyense. Mfuti zonse za alenje a kumeneko anasula ndi iwo, ndi mipope yamadzi yakale. Koma chimene anatchuka nacho kwambiri chinali mankhwala a maso. Ankatema mlenje timphini tiwiri pambali pa diso lililonse, n'kupakapo zinthu zakuda za m'kansupa. Ankati munthu wotemeredwa chotero nyama simubisalira, imaonekera ngakhale ili mkati mwa bango. Mwezi womwewo Yesaya anali atatemeredwa, pamodzi ndi mnzake Enock. Mng'ono wake wa Yesaya, Macdonald, anakana. Iye ankaopa lezala.

M'mawa mwake, nkhungu isanachoke padambo, atatuwo anatsikira kusikimu ya mpunga. Anagawana malo mongolozerana ndi manja. Palibe amene anauza mnzake bwinobwino pamene akaime. Yesaya anatsata ngalande yaikulu, ndipo atangoyenda pang'ono fungo lija linamupezanso, lamphamvu mochititsa nseru. Kenako mfuti inalira kumanzere kwake. Imene inakuwa sinali nguluwe.

Anamupeza Macdonald ali chagada m'matope. Misomali yodula ndi tizitsulo ta njinga, zimene alenje ankaika mumfuti m'malo mwa zipolopolo, zinamutsegula pachifuwa, nthiti zili poyera. Akapuma, magazi ankatuluka ndi thovu. Yesaya anagwada n'kutseka balalo ndi manja onse awiri, koma magazi ankangodutsa pakati pa zala.

"Achimwene," anatero Macdonald, "ndinamukwezera dzanja... anandiona..."

Sanamalize. Enock anali ataima chapatali, mfuti ikufuka utsi, mkodzo ukutsika m'miyendo.

"Inali nguluwe, Yesaya! Ndinaona mano, ndinaona ubweya wa pamsana! Inali nguluwe!"

Anthu a m'minda anathamangira komweko. Enock anamugwetsera mungalande, anamuthyola mkono ndi mpini wa khasu, anamugulula mano ndi njerwa, ndipo akanamutsiriza apolisi a ku Khombedza akanapanda kufika. M'chipwirikiti chimenecho Yesaya anaona a George atanjuta pamene panagwera Macdonald, akukokolola dothi la magazi n'kuthira m'kathumba.

"Kuti agalu asanyambite, mwana wanga," anatero a George mofatsa, ndipo Yesaya anawathokoza.

Maliro a Macdonald asanaiwalike, m'mudzi woyandikana nawo munachitikanso zina. Mayi wina, Mayankho, ankamweta udzu wofolera masana dzuwa lili pamutu. Mlenje wina, Blessings, amenenso anatemeredwa ndi a George, anamuwombera pakhosi ali pafupi kwambiri, moti mutu unangotsala lende. Blessings naye analumbira kuti anaona nguluwe yaikulu ikufukula pansi. Iyeyo apolisi sanamupeze wamoyo. Abale a mayiyo anamutema ndi zikwanje pakhomo pake, n'kumuponya m'nyumba yake yomwe ataiyatsa moto. Fungo la tsiku limenelo linafika mpaka kumsewu.

Tsopano mantha analowa paliponse. Amayi anasiya kupita okha kunkhuni. Pachigayo ndi pamjigo nkhani inali yomweyo. Ena ankati Enock ndi Blessings anamwa kachasu. Ena ankati pali munthu amene akuveka anzake chikopa cha nyama kuti aphedwe ndi abale awo omwe. Adzukulu anafotokoza monong'ona kuti pamanda a Macdonald panapezeka mapazi a ziboda, ozungulira mtumbira wonse. Yesaya sankagona bwino. Akatseka maso ankaona dzanja la mng'ono wake litakwezedwa m'nkhungu, ndipo timphini ta pambali pa maso ake tinkanyerenyetsa ngati mukuyenda nyerere.

Kenako kunabwera mayi wina wochokera kuboma, Mayi Sandra, wa ntchito yoona za nyama zakutchire. Anasonkhanitsa alenje pabwalo la mpira, wapolisi ataima pambali pake. Anayamba ndi kuwauza mosabisa kuti mfuti zosula pamudzi n'zosaloledwa ndipo ziyenera kuperekedwa. Alenje anangoyang'ana pansi.

"Ndikudziwa kuti ambiri simupereka lero," anatero mayiyo. "Ndiye mverani izi, kuti ndisabwerenso kudzaona mitembo. Musanalowe m'tchire, aliyense adziwe pamene mnzake waima. Valani nsalu yowala, yofiira kapena yachikasu. Mowa ndi mfuti siziyendera limodzi. Chala chisakhudze kowombera mpaka mutaiona nyama yonse, mutu ndi mchira, ndiponso chimene chili kuseri kwake."

Wina anaseka kumbuyo. "Mfiti imaopa nsalu yachikasu?"

Anthu anaseka, koma Yesaya sanaseke. Anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Mayi, Enock anaiona nyama yonse. Mutu ndi mchira. Nanga maso akamakunamiza, munthu utani?"

Mayi Sandra anayankha kuti, "Za ufiti ine sindinaphunzire, bambo. Koma ngati maso mukuwakayikira, funsani ndi pakamwa. Fuulani kuti, ndani uyo? Ikakhala nguluwe ithawa, mwataya nyama basi. Akakhala munthu ayankha."

A George anali pomwepo, atakhala pakampando kawo. Anagwedeza mutu ngati ovomereza, koma maso awo anakhala pa Yesaya mpaka msonkhano unatha.

Yesaya mfuti sanapereke. Anaibisa padenga, n'kulonjeza Elsie kuti saigwiranso. Koma mpunga wawo wotsala unali utacha, ndipo tsiku lina chakumasana a George anafika pakhomo akupuma wefuwefu.

"Yesaya, nguluwe yalowa m'munda mwako! Yaikulu ngati thole. Ukachedwa supezamo kanthu."

"Amake Beauty ali kuti?"

"Ndawaona akupita kuchigayo. Fulumira!"

Anatsitsa mfuti, anathira wonga ndi misomali, n'kuthamanga. Atayandikira munda wake fungo lija linamuwomba kumaso. Mbalame zonse zinali zitakhala chete. Timphini tija tinayamba kutentha mpaka misozi kutuluka, ndipo atapukuta m'maso anaiona. Inali pakati pa mpunga, yakuda, msana uli nyankhalala, mano aatali atatuluka m'mbali mwa kamwa. Inkafukula pansi n'kumalira m'mphuno. Anaiona yonse, mutu ndi mchira. Kuseri kwake kunalibe munthu.

Anagwada bondo limodzi n'kuloza paphewa pake. Mkwiyo wa masiku onsewo unamugwira. Chala chinapita chokha pa kowombera, ngati chikukokedwa ndi chingwe. M'khutu mwake munamveka mawu ofatsa akuti, womba, womba, ithawa. Analuma mlomo mpaka kulawa magazi, anachotsa chalacho mokakamiza, n'kufuula ndi mawu osasa.

"Ndani uyo?"

Nguluwe inadzutsa mutu. Inatsegula kamwa lake la mano achikasu.

"Ndine, bambo a Beauty. Mukundilozeranji mfuti?"

Anali mawu a Elsie. Maso a Yesaya ankaonabe nyama, dovu likuyoyoka kukamwa, koma nyamayo inkalankhula ngati mkazi amene anakhala naye zaka zonsezi.

"Amake Beauty, ndinu?"

"Ndine! A George anandiuza kuti mbuzi zalowa m'munda. Tsitsani mfutiyo, mukundiopsa!"

Kumbuyo kwake kunathyoka bango. Atatembenuka anawaona a George pachulu, ali maliseche, thupi lonse litapakidwa phulusa, kansupa kali pakhosi, m'manja muli mbale yadothi ndi mpeni. Nkhope yofatsa ija panalibe.

"Womba!" anakuwa. "Womba, galu iwe! Atatu akwane!"

Anadumpha kuchoka pachulupo ngati mnyamata, n'kugwira mpope wa mfuti kuti aulozetse kwa Elsie. Yesaya anakana. Analimbana, anagwa, anagubuduzana mumpunga, ndipo mpope unalowa m'matope mpaka kutsekeka. A George anamuluma pakhutu n'kudula kachidutswa, anamubaya mpeni pantchafu, kenako anapeza kowombera ndi chala chawo n'kukoka.

Gogodela inaphulika pakati pawo. Chitsulo chinang'ambika ngati nsungwi. Yesaya atakweza dzanja lamanja anapeza patsala chala chachikulu ndi chamkombaphala, zina zonse zitapita. A George anali chagada, theka la nkhope yawo litasendeka, diso limodzi likulendewera patsaya, tsitsi likuyaka. Anakuwa, ndipo kukuwako kunasintha pang'onopang'ono mpaka kukhala kulira kwa nguluwe yolasidwa. Anadzuka ndi manja ndi miyendo n'kuthamangira m'bango.

Elsie anamanga dzanja la mwamuna wake ndi chitenje akuitana anthu. Amene anatsata magazi anabwerera asanafike patali. Anati poyamba m'matope munali mapazi ndi zikhatho za munthu, koma atawoloka ngalande panatsala ziboda zokhazokha. Kunyumba kwa a George anakumba pansi pa chipala chosulira zitsulo, n'kupeza miphika iwiri yodzaza dothi lamagazi, ndi wachitatu wopanda kanthu. Nyumbayo anaigumula tsiku lomwelo. Eniake sanaonekenso.

Yesaya anagona kuchipatala ku Salima mpaka mabala anapola. Atabwerera, alenje ambiri anali atapereka mfuti zawo. Mayi Sandra akabwera kudzaphunzitsa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ankamutenga, ndipo iye ankangokweza dzanja lake lodukalo, anthu n'kusiya kuseka. Yesaya anapitanso kundende kukaona Enock. Atakhala moyang'anizana, Yesaya anati, "Nguluwe ija ndinaiona nanenso." Enock analira ngati mwana.

Koma maso ake sanachire. Abusa anamupempherera, sing'anga wa ku Khombedza anamutsuka ndi zitsamba, komabe nthawi zina, mosayembekezera, timphini tija tinkatentha. Pamenepo munthu amene ali patsogolo pake ankasanduka nguluwe: wogulitsa tomato pamsika, wakabaza, ngakhale mwana wake Beauty akuchokera kusukulu. Anazolowera kuima chilili, manja ali kumbuyo, n'kufunsa kuti ndani. Munthuyo akayankha, chinyamacho chinkasungunuka. M'nyumba mwake Elsie anachotsamo nkhwangwa ndi zikwanje zonse.

Tsiku lina mvula yoyamba itagwa, Yesaya anadzuka kutayera kale. Pamphasa pambali pake, pamalo a mkazi wake, panagona nguluwe yaikulu itamufulatira, nthiti zikukwera ndi kutsika. Sanadzidzimuke kwenikweni. Zinali zitamuchitikirapo kangapo. Anatambasula dzanja lake lodukalo n'kuisisita pamsana.

"Amake Beauty," anaitana mwachifatse, "dzukani, kwacha."

"Ndadzuka kale!" anayankha Elsie ali panja, tsache likumveka pabwalo. "Mukufuna madzi osamba?"

Dzanja la Yesaya linauma pamene linali. Ubweyawo unali wofunda, wonyowa ndi matope. Nyamayo inatembenuza mutu pang'onopang'ono. Theka la nkhope yake linali chipsera chokhachokha, ndipo inamuyang'ana ndi diso limodzi.