Zelipa Waloza Manda

Uyu ndi Zelipa. Zelipa amakhala ku Mississauga, mzinda wa ku Canada. Zelipa ali ndi vuto limodzi. Chala chake sichimva kuletsa.

Akaona galu, amaloza. Akaona ndege, amaloza. Akaona bambo wadazi, amalozanso.

"Iwe Zelipa, tsitsa chalacho," amatero amayi ake. Koma chala chilibe makutu.

Loweruka lina kunazizira kwambiri. Chipale chofewa chinali mbee paliponse.

"Valani majekete," anatero amayi. "Tikupita kwa amalume anu a Webster."

Zelipa anavala. Mchimwene wake Yotamu anavalanso. Onse atatu anakwera basi.

Amalume a Webster ankagwira ntchito ku bwalo la ndege. Anali atangobwera kumene kuchokera ku ulendo. Anakaona mzinda wakalekale wotchedwa Petra. Mzindawo uli m'chipululu, kutali kwambiri.

"Lero ndikutengani nonse ku Petra," anatero amalume. "Ndege sitikwera. Ingotsikani masitepe."

Anatsikira m'chipinda chapansi. Amalume anatseka makatani. Anazimitsa magetsi. Munachita mdima bii. Kenako anayatsa makina oonetsa zithunzi pakhoma. Makinawo ankalira ngati mphaka wachimfine.

Khetye. Pakhoma panaoneka mchenga. Mchenga wokhawokha. Mtengo panalibe. Madzi panalibe.

Khetye. Panaoneka kanjira kopapatiza. Uku thanthwe lalitali. Ukunso thanthwe lalitali.

"Ndinadutsa umu ine," anatero amalume. "Ukayang'ana kumwamba, thambo limaoneka ngati kachingwe. Ukatsokomola, thanthwe nalo limatsokomola."

Zelipa anasendera pafupi ndi amayi.

Khetye. Panaoneka chinyumba chofiira. Sichinamangidwe ndi njerwa. Anthu akale anachisema m'thanthwe. Pakati pake panali khomo lakuda. Chitseko panalibe. Munthu panalibe.

Chala cha Zelipa chinayamba kuyabwa. Zelipa anaimirira. Anapita pakhoma. Analoza khomo lakuda lija. Chithunzi chinagwera padzanja lake. Chala chinafiira psuu.

"Amalume, umu mumagona ndani?" anafunsa Zelipa.

"Akufa, mwana iwe," anayankha amalume. "Amenewa ndi manda a mafumu akale."

Zelipa anathamanga kukakhala pansi. Yotamu anamusendera kukhutu.

"Waloza manda iwe," ananong'ona Yotamu. "Kumudzi amati ukaloza manda, chala chimawola. Chimayamba ndi kuyera. Kenako chimathothoka. Chubwi, mu tiyi."

"Ukunama," anatero Zelipa.

"Dikira uone."

Khetye. Ngamila. Zelipa sanayang'ane.

Khetye. Amalume atakwera bulu. Onse anaseka. Zelipa sanaseke. Ankangomva khomo lakuda lija likumuyang'ana.

Zithunzi zitatha, amalume anabweretsa tiyi ndi mandasi. Zelipa anakana tiyi. Ankaopa kumva chubwi.

Nthawi yobwerera inakwana. Anakaima podikirira basi. Mphepo inkaluma masaya.

Magolovesi a Zelipa anali ngati timatumba. Zala zinayi zinkagona pamodzi. Zelipa anaganiza, anaganiza. "Chala chodwalachi chipatsira zinzake."

Anavula golovesi mmodzi. Anamuponya m'thumba. Zala zabwino anazibisa m'mkono wa jekete. Chala cholozera chinatsala panja chokhachokha. Zelipa anaika dzanja kumbuyo kuti amayi asaone.

Basi inachedwa. Mphepo inaomba. Basi inachedwabe. Mphepo inaombabe.

Zelipa anasuzumira chala chija. Nsonga yake inali itatuwa.

Anachitsina. Sanamve kanthu.

Anachiluma. Sanamve kanthu.

Zelipa anaganiza, "Chayamba kuwola."

Basi inafika. Anakwera. Anakhala kumbuyo. Zelipa anakhala pakati, dzanja lili kumbuyo.

"Ndikawauza amayi, andikalipira," anaganiza Zelipa. "Paja amandiletsa kuloza. Koma ndikapanda kuwauza, chala chigwera m'basi muno. Wina achiponda ndi jombo."

Misozi inayamba kutsika. Zelipa anakoka jekete la amayi.

"Mami," anatero ndi mawu aang'ono. "Ndaloza manda. Chala changa chikufa."

Anatulutsa dzanja lija. Amayi anaona. Yotamu anaonanso. Maso a Yotamu anatuzuka ngati a chule.

"Mami, ine ndimangomuseka," anatero Yotamu. "Sindimadziwa kuti zimachitikadi."

"Golovesi ali kuti?" anafunsa amayi.

"M'thumba. Ndimaopa kuti chipatsira zinzake."

Amayi anapukusa mutu. "Mwana wanga, amenewa si manda. Kumeneku ndi kuzizira kwa ku Canada. Bwera nacho kuno."

Amayi anamasula jekete lawo. Anagwira chala chija. Anachilowetsa m'khwapa mwawo. Mudziwe ana inu, m'khwapa mwa amayi ndi motentha kuposa mbaula.

Basi inayenda. Zelipa sanamve kanthu.

Basi inaima. Basi inayendanso. Zelipa sanamvebe kanthu.

Yotamu anawerama. Ankayang'ana pansi. Ankaopa kuona chala chikugubuduka pansi pa mpando.

Kenako Zelipa anamva kanthu. Kunali ngati nyerere imodzi. Kenako nyerere zambiri. Kenako singano.

"Mami, chikupweteka."

"Eya," anatero amayi. "Chikapweteka ndiye kuti chili moyo. Usachichotse."

Zelipa anapirira. Basi itafika pafupi ndi kwawo, amayi anatulutsa chala. Kutuwa kuja kunali kutatha. Zelipa anachipinda. Chinapindika. Anachiwongola. Chinawongoka.

"Nanga mafumu akale aja?" anafunsa Zelipa. "Sakwiya?"

"Amalume ako analoza manda onse aja," anatero amayi. "Analoza ali komweko ku Petra. Analozanso lero pakhoma. Nanga mandasi amanyamula ndi chiyani?"

Zelipa anaganiza. "Ndi zala."

"Zinali zosakwana?"

"Zinali zonse. Zonona ndi mafuta."

"Ndiye basi," anatero amayi. "Manda amafuna ulemu. N'chifukwa chake akulu amaopseza ana. Koma chala sichiwola. Chimene chimadya zala kuno ndi mphepo. Vala golovesi."

Zelipa anatenga golovesi. Koma sanamuvale msanga.

Amayi anatembenukira kwa Yotamu. "Iwe mkulu wa mabodza, uli ndi mawu?"

"Pepa, Zelipa," anatero Yotamu. "Chachiradi?"

"Sindikudziwa," anatero Zelipa. "Dikira ndichiyese."

Anachiwongola bwinobwino. Anamubaya nacho Yotamu m'nthiti. Yotamu anadumpha. Anamubayanso. Yotamu anaseka mpaka chipewa chinagwa. Amayi nawo anaseka mpaka anaiwala kuliza belu loimitsira basi.

Basi inapitirira pakwawo. Anatsikira patsogolo. Anabwerera wapansi onse atatu, atagwirana manja.

"Chachira," anatero Zelipa.