Nsalu Yobiriwira ya Mayi Hirabai

Lamson anaweruka mochedwa kunyumba yosamalira okalamba ku Fremantle, sitima yapamtunda yomaliza itapita kale. Anangoyamba wapansi kudzera njira ya kudoko, akudandaula za miyendo yake yokha. Madzulo amenewo Mayi Hirabai, gogo wachimwenye amene iye ankamusamalira, anali atamuchonderera kuti apachike kansalu kobiriwira pawindo. Lamson anangoona chisanza chonunkha nkhungu. Anachiponya m'dengu la zochapa, nati, "Mawa, agogo." Mawa la munthu wotopa timalidziwa tonse.

Atafika pa nyumba zakale zosungiramo katundu, magetsi a mumsewu anayamba kuphethira. Mphepo inaleka. Kenako fungo... fungo la phula ndi zingwe zonyowa.

Anacheukira kumadzi. Chombo! Osati zachitsulo zonyamula makontena zija ayi. Chamatabwa, thanga lake lalitali losongoka, kumbuyo kukulendewera mbendera yofiira ya Angelezi. Chinkayenda chili zii.

Kutsogolo kwake kunaima bambo wovala zoyera. Madzi ankachucha m'ndevu zake.

"Yofiirayo anatikakamiza azungu," anatero bamboyo chapansipansi. "Yathu ndi yobiriwira. Mwana wanga Hira amaipachika pawindo kuti ndidziwe pokocheza. Lero ndabwera kudzamutenga, koma mawindo onse alibe kanthu... Simunaione?"

Lamson anatsinzina, natsegula maso... Panalibe munthu. Panalibe chombo. Pomwe anaima paja pokha panali ponyowa.

Liwiro! Anabwerera kuntchito ali wefuwefu, napeza Emmie, namwino wa usiku, akutseka chitseko cha gogo uja pang'onopang'ono.

"Atisiya, achimwene," anatero Emmie. "Amangoyang'ana pawindo mpaka kumapeto, akulira kuti bambo awo asochera."

Lamson anakhuthula dengu lija pansi. Anaipeza nsaluyo, anaitambasula, anaipachika bwinobwino. Koma kupachikira ndaninso? Ntchito yosatenga ndi mphindi yomwe! Analira ngati wafedwa mayi ake omubala.

"Asisi, bambo awowo ndakumana nawo kudoko. Amafunafuna windo limeneli."

Emmie anamuyang'anitsitsa, nagwira pamtima.

"Inu, musandiopseze. Bambo awo anamira ndi chombo chawo kunyanja ya ku India, Angelezi akadalamulira. Agogowa anali kamtsikana kosaotcha ndi nyemba zomwe. Mtembo wa bambowo sunapezeke mpaka lero."