Atsike Anthu Atatu

Kunyumba ankamutcha Kachangu. Ankadya mwachangu. Ankasamba mwachangu. Ngakhale kusesa ankasesa chothamanga.

Kachangu ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kukaona khanda. Khandalo linali la amalume ake. Linabadwa Lachitatu, kutsidya kwa nyanja.

"Amayi, tipita liti?" anafunsa Kachangu.

"Loweruka, mwanawe."

"Nanga Lowerukalo lifika liti?"

"Likafika uliona," anatero amayi, akuseka.

Amayi ake a Kachangu anali apolisi a padoko. Padoko ndi pamene maboti amakocheza. Amayi ankavala yunifomu ndi chipewa. M'khosi ankavala wezulo. Tsiku lililonse ankayang'ana maboti. Ankayang'ana zingwe. Ankayang'ana majekete othandiza munthu kuyandama m'madzi. Boti lisananyamuke, ankawerenga anthu.

Loweruka linafika. Amayi anali pantchito mpaka masana.

"Utsogole ndi amalume ako," anatero amayi. "Ine ndikupeza ndikaweruka."

Amalume anali ndi boti lawolawo. Ntchito yawo inali kuwolotsa anthu. Tsiku limenelo ankangomwetulira. Ankauza aliyense za khanda lawo.

Kachangu analumphira m'boti. Anakhala kutsogolo. Anavala jekete lake. Analimanga bwinobwino.

Anthu anakwera. Ena anakweranso. Kunabwera amayi ena ndi dengu la nkhuku. Kunabwera abambo ena ndi njinga. Boti linadzaza.

"Sendezanani! Malo alipo!" anafuula amalume.

Analiza injini. Mtima wa Kachangu unadumpha ndi chimwemwe.

Pomwepo wezulo inalira.

Amayi anaima pamatabwa a doko. Anakweza dzanja. Anayamba kuwerenga.

"Mmodzi, awiri, atatu, anayi, asanu."

Anawerenga mpaka khumi. Koma sanalekere pomwepo.

"Khumi ndi mmodzi. Khumi ndi awiri. Khumi ndi atatu."

Amayi anapukusa mutu.

"Zimitsani injini, achimwene. Boti ili limanyamula anthu khumi. Majekete aliponso khumi. Atsike anthu atatu."

Amalume anaseka.

"Achemwali, ndine ine! Mwandiiwala? Si ndinkakuberekani kumsana ine?"

"Sindinakuiwaleni, achimwene. Atsike anthu atatu."

"Nyanja ili bata. Taonani nokha."

"Pano pali bata. Pakati sitikudziwa. Atsike anthu atatu."

Amalume anazimitsa injini. Sanasekenso.

Palibe amene anatsika. Wina anayang'ana kumwamba. Wina anayang'ana nsapato zake. Nkhuku zokha ndi zimene zinkalira.

Kenako anthu anayamba kung'ung'udza.

"Tikuchedwa ife!"

"Mayi ameneyu ndi wovuta!"

Abambo a njinga aja analoza Kachangu.

"Uyu si mwana wanu, apolisi? Bwanji osayamba ndi iyeyu?"

Amayi anangoyang'ana Kachangu. Kachangu anayang'ana kumbali. Sankafuna kutsika. Anali atadikira masiku atatu athunthu.

Anatsitsa dzanja kunja kwa boti. Zala zake zinakhudza madzi. Sanawerame n'komwe. Madzi anali pafupi kwambiri.

Anayang'ananso amayi. Amayi anali okha pamatabwa paja. Anthu onse ankawakalipira. Koma amayi sanasunthe.

Kachangu anaimirira. Anamasula jekete lake. Analipatsa mtsikana wina amene analibe jekete. Kenako anatsika.

"Mmodzi," anatero amayi motsitsa mawu.



Amayi a nkhuku aja ananyamula dengu lawo.

"Mwana watiposa nzeru akuluakulufe," anatero. "Ndilandireni nkhukuzi."

"Awiri," anatero amayi.

Onse anatembenukira kwa abambo a njinga. Abambowo anakanda mutu. Anatsokomola. Anatsitsa njinga yawo.

"Atatu. Zikomo nonse."

Boti linakwera pang'ono pamwamba pa madzi. M'mbali mwake munaoneka mzere wofiira. Poyamba mzerewo unali utamira.

"Mwauona mzere, achimwene? Tsopano nyamukani."

Amalume sanatsanzike. Analiza injini n'kumapita.

Misozi inalengeza m'maso mwa Kachangu. Boti linachepa. Linachepa. Linatsala ngati kadontho.

"Tiye ku ofesi," anatero amayi. Anamugwira dzanja.

Ofesi ya apolisi inali yaing'ono. Inali ndi tebulo limodzi ndi benchi. Inali ndi zenera lalikulu loyang'ana kunyanja. Patebulo panali wailesi yolankhulira ndi maboti. Pafupi ndi wailesi panakhala wapolisi wina wa imvi. Anthu ankangowatcha a Wailesi.

Kachangu anakhala pabenchi. Anatupitsa masaya.

"Masaya amenewo aphulikatu," anatero a Wailesi.

Kachangu sanaseke.

Patapita kanthawi, chitseko chinadzitseka chokha. Mapepala anauluka patebulo. Mphepo inali itayamba. Nyanja inada. Mafunde anakula.

Amayi anatenga wailesi.

"Achimwene, mukundimva?"

Wailesi inangolira. Shiii.

"Achimwene, mukundimva?"

Shiii.

Amayi anaika wailesi patebulo.

Amayi anavala jekete. Anatenga makiyi a boti la apolisi. Anaitana wapolisi mnzawo amene anali panja.

"Kachangu, ukhale ndi a Wailesi. Usatuluke."

Boti la apolisi linali loyera. Linkathamanga kwambiri. Linakwera funde. Linatsika. Linakweranso. Kenako silinaonekenso.

Kachangu anaima pazenera. Mphuno yake inagunda galasi.

"Abwera?" anafunsa.

"Abwera," anatero a Wailesi. "Amayi ako nyanjayi amaidziwa."

"Nanga amalume?"

"Tidikire timve."

Anadikira. Amayi a nkhuku aja analowa kudzabisala mphepo. Abambo a njinga analowanso. Onse anakhala pabenchi.

Kenako wailesi inalira. Anali mawu a amayi.

"Tawapeza. Wailesi yawo yalowa madzi. Boti likuyenda. Tikuwaperekeza."

Anadikiranso. Wailesi inaliranso.

"Tafika kutsidya. Onse khumi ali bwino."

Kachangu analumpha. Amayi a nkhuku anaomba m'manja. Abambo a njinga anavula chipewa. Anapukuta thukuta pamphumi.

"Ndinalankhula molakwa ine," anatero abambowo. "Pepa, mwana wanga."

"Palibe kanthu," anayankha Kachangu.

Masana mphepo inaleka. Nyanja inagona. Maboti awiri anabwerera pamodzi. Loyera linali patsogolo. La amalume linali pambuyo.

Kachangu anathamangira amayi. Anawakumbatira. Yunifomu yawo inali yonyowa. Kachangu sanasamale.

Amalume anamanga chingwe. Malaya awo ankadontha madzi. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panali amayi.

"Achemwali."

"Achimwene."

"Pakati paja panavuta. Madzi ankalowa. Tinkakapa ndi zitini. Tikanakhala khumi ndi atatu..."

Amalume anangopukusa mutu.

"Basi, zatha," anatero amayi. "Koma wailesi ija mukonzetse musananyamule anthu mawa. Lero tengani ya ku ofesi."

"Ndamva, bwana," anatero amalume.

Onse awiri anaseka.

Amalume anawerama pafupi ndi Kachangu.

"Iwe, mphwanga, tiye. Msuweni wako akukudikira."

Ulendo uno m'boti munali malo ambiri. Anakwera amayi a nkhuku. Anakwera abambo a njinga. Anakwera Kachangu. Amayi anali ataweruka, nawonso anakwera. Aliyense anavala jekete.

Boti linayenda bwino. Madzi ankathovokera kumaso. Mbalame zoyera zinkauluka pambuyo pawo. Kachangu anaona nyumba za kutsidya. Zinakula. Zinakula. Anafika.

Nyumba ya amalume inali pafupi ndi gombe. Pakhonde panali tizovala tating'onoting'ono pachingwe. Kachangu anavula nsapato pakhomo. Analowa monyang'ama.

Akazi awo a amalume anakhala pabedi. M'manja mwawo munali kabulangete kachikasu.

"Takulandirani, alamu," anatero kwa amayi. "Nawe Kachangu, sendera kuno. Samba m'manja kaye."

Kachangu anasamba m'manja. Anakhala pansi. Anatambasula miyendo. Amayi anamuika khanda pamiyendo.

"Ugwire mutu. Eya, choncho."

Khanda linali lofunda. Linali lopepuka. Linali ndi tsitsi lofewa. Linayasamula kukamwa kopanda mano.

"Moni," ananong'ona Kachangu. "Ine ndine msuweni wako. Ndinachedwa pang'ono."

Khanda linatsegula diso limodzi. Linatambasula kadzanja. Linagwira chala cha Kachangu.

Kachangu anakoka pang'ono. Khanda silinasiye. Anakokanso. Silinasiyebe.

"Amayi, taonani! Wandigwira! Sakundisiya!"

Amalume anagwira m'mutu.

"Mayo ine!" anatero. "M'banja muno mwabadwa wapolisi wina!"

Onse anaseka. Amayi anaseka mpaka misozi. Kachangu ankafuna kuseka kwambiri, koma anaseka pang'onopang'ono. Khanda linali litagona, chala chija lili chigwirire.